Adzalankhula Yekha

 Lero pa wailesi pano ndabwera ndi nkhani ya ana a zaka ziwiri, zitatu kapena zinayi, amene anzawo a msinkhu umodzi akubwebweta kale mpaka kutopetsa, koma iwo pakamwa pali zii. Kholo la mwana wotere, lopanda ndalama za chipatala cholipira, ligogode pakhomo liti? Ndiyamba ndi za kwathu, chifukwa nkhaniyi sindinaitole pamsewu.

Mlongo wanga ali ndi mnyamata, wachitatu kubadwa. Ali ndi miyezi 9 anali kale wa "bababa" ndi "dadada", wosalola anthu kugona m'mamawa. Kenaka anadwala matenda oumitsa khosi. Anagonekedwa m'chipatala masabata awiri, tonse mitima ili m'mwamba, ndipo atatuluka wamoyo tinapita kutchalitchi kukathokoza. Chimene sitinachione n'chakuti phokoso lija silinabwerere naye kunyumba. Tinkangoti matenda amufatsitsa. Anayenda pa nthawi yake, ankadya bwino, ankaseka. Koma anafika zaka ziwiri ndi theka asanatchulepo ngakhale "mama". Akafuna madzi, ankagwira chitenje cha mayi ake n'kuwakokera kundowa. Akafuna phala, ankamenyetsa pansi kambale kake ka pulasitiki. Nzeru zokha anali nazo: pamene agogo ake ankabisa shuga ankapadziwa kuposa nyerere.

Tsiku lina m'nyengo yokolola ndinapita kumudzi. Tili pamphasa kutong'ola chimanga, mlongo wanga anati, "Achimwene, mwanayu akundisowetsa tulo. Anzake onse akulankhula." Ndisanayankhe, amayi athu analowererapo. "Iwe, usamuitanire mwana tsoka ndi pakamwa pako. Ana aamuna amachedwa. Malume akewa anakhala duu mpaka zaka zitatu, lero si awa akulongolola pawailesi? Kuona maso a nkhono n'kudekha. Adzalankhula yekha." Tonse tinaseka. Inenso, mwinimbumba wopita kusukulu, ndinaseka nawo. Ndinadzuka n'kukaomba m'manja kumbuyo kwa mwanayo, iye n'kucheuka. "Mwaona? Akumva uyu," ndinatero monyadira. Kuyesa kwanga kwachibwanako kunatidyera chaka china chathunthu.

Titafika naye ku chipatala chachikulu, ali ndi zaka zitatu ndi theka, anamulowetsa m'kachipinda kosalowa phokoso la panja n'kumuveka zomvera m'makutu. Anapeza kuti matenda aja anamuwononga makutu onse awiri. Phokoso lalikulu, la m'manja, la ng'oma, la lole, ankalimva ndithu. Koma mawu a munthu ankamufika ngati mmene mumamvera anthu akucheza m'nyumba yachitatu kuchokera panu: mukudziwa kuti kuli olankhula, koma simukutolapo kanthu. Zaka zonsezo tinkadikira kuti atulutse mawu amene sanalowemo.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi buku lake la kuchipatala. Mlongo wanga sanajombepo ku sikelo. Mwezi ndi mwezi mwana ankapachikidwa, mzere wa kulemera kwake n'kumakwera bwinobwino. Katemera yense analandira, vitamini A analandira, mankhwala a njoka za m'mimba analandira. M'buku lomwelo munalembedwa kuti anadwala matenda oumitsa khosi, matenda odziwika kuti amagonthetsa ana. Koma pa maulendo onsewo sanapezeke wofunsa kuti, "Mayi, mwanayu akutchula mawu angati? Mukamuitana chapansipansi atakufulatirani, amacheuka?" Sindikumuimba mlandu mlangizi wa zaumoyo. Ndamuonapo ali yekha pansi pa mango, amayi atandanda mpaka kumsewu, dzuwa likuswa mtengo. Iye amafunsa zimene anamutuma kufunsa. Kwathuko funso la makutu ndi pakamwa silinamveke n'kamodzi komwe.

Ana amenewa ngakhale m'mabuku a boma saoneka bwino. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse m'dziko muno, oposa 10 ali ndi ulumali wa mtundu wina, ndipo mwa anthu aulumaliwo, 9 pa 100 alionse amavutika kulankhula, 24 amavutika kumva. Koma kuwerengako kunayambira pa anthu a zaka 5 kupita m'mwamba. Mwana wa zaka zitatu, amene ndiye angathandizike msanga kuposa onse, m'chiwerengerocho mulibe.

Si kuti chida choyezera chikusowa. Kuno komwe kunapangidwa njira yoyezera kakulidwe ka mwana yotchedwa MDAT, imene Dr Melissa Gladstone ndi anzake anailengeza mu 2010 ataiyesa pa ana oposa 1,000 a m'midzi yathu. Imayang'ana mbali zinayi: kayendedwe ka thupi lonse, kagwiridwe ka zala, chilankhulo, ndi kakhalidwe ka mwana pakati pa anthu. Ubwino wake ndi wakuti simufunsa mwana wa ku Mangochi za zinthu zimene zimapezeka m'nyumba za ku London zokha. Ofufuza a m'maiko ena anaitengera, akuigwiritsa ntchito. Ife eni ake, mwana wathu anakula mpaka zaka zitatu ndi theka osakumana nayo.

Ndiye poti ku sikelo mwina sakufunsani, dzifunseni nokha. Khanda la miyezi 6 mpaka 9 limayenera kumachita phokoso la "bababa", "mamama", n'kumacheuka likamva mawu a mayi ake. Pokwanitsa chaka, ana ambiri amakhala atatchula liwu loyamba, amadziwa dzina lawo, amaloza chimene akufuna. Pofika zaka ziwiri mwana amakhala ndi mawu ngati 50 ndipo amayamba kulumikiza awiri: "mama bwera", "phala latha". Wa zaka zitatu, mlendo amamva zambiri zimene akunena popanda mayi kumasulira. Wa zaka zinayi amakufotokozerani amene wamumenya, chifukwa chake, ndi zimene iye anayankha. Kusiyana kwa mwezi umodzi kapena iwiri kusakusowetseni mtendere. Koma ngati mwana wafika chaka ndi theka wopanda liwu, kapena zaka ziwiri osamva mukamutuma kukatenga kapu popanda kumulozera, nyamukani. Ndipo mwana amene ankalankhula kapena kuchita phokoso n'kusiya, ameneyo musagone naye masiku.

Amayi athu sananame kotheratu. Alipodi ana amene amachedwa n'kudzawapeza anzawo okha, ndipo n'kutheka kuti ine ndinali mmodzi wa iwo. Vuto ndi lakuti pongomuyang'ana mwana wa zaka ziwiri simungadziwe kuti ali gulu liti. Mukamuyezetsa n'kupezeka kuti ali bwino, mwataya ndalama ya thiransipoti ndi tsiku limodzi la kumunda. Mukadikira n'kupezeka kuti simunayenera kudikira, mwamutayitsa zaka zimene ubongo wake umatola chilankhulo mosavuta, ndipo zakazo sizibwerera. Akakwanitsa zaka 6 adzalowa Sitandade 1, m'kalasi limene nthawi zina mumakhala ana oposa 100 ndi mphunzitsi mmodzi. Kumeneko mwana wosayankha amangokhala kumbuyo, n'kupatsidwa dzina loti mbuli.

Poyambira ndi makutu, nthawi zonse. Bungwe la WHO limanena kuti mwa ana 10 amene ali ndi vuto la kumva, pafupifupi 6 vutolo likanapewedwa. Taganizirani mafinya a m'khutu, amene m'midzi mwathu timangowapukuta ndi kansalu ngati chimfine, ena n'kumathiramo madzi a masamba kapena mafuta. Khutu likamatuluka mafinya miyezi ndi miyezi ndiye kuti mkati mwabooka, ndipo mwanayo akumva theka la zimene mukunena. Chikuku chimagonthetsa. Chikasu chachikulu cha khanda longobadwa kumene chimagonthetsanso.

Koma si makutu okha. Pali malungo aakulu aja okomoketsa ana. Madokotala amene anatsatira ana ochira malungo amenewa ku Blantyre analengeza mu 2010 kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anatsala ndi vuto la mu ubongo, kaya khunyu, kaya kusintha khalidwe, kaya kulephera zimene ankatha kale. Pali mwana amene anabadwa atabanika, osalira msanga. Pali wobadwa ndi mlomo wong'ambika kapena chibowo kumwamba kwa mkamwa, amene mawu ake amatulukira m'mphuno. Bungwe la Operation Smile limasoka ana otere kwaulere kuno, koma atasokedwa ambiri amafunikabe wowaphunzitsa katchulidwe. Pali otizimu, pamene mwana akumva bwinobwino koma sakuyang'anani m'maso, saloza, sasewera ndi anzake, ndipo amakwiya kwambiri mukasuntha zinthu zake. Ndiye palinso ana amene makutu ali bwino, nzeru zili bwino, sanadwalepo, koma chilankhulo chokha chimawavuta kuchigwira. Kafukufuku wa ku Surrey, ku England, mu 2016 anapeza kuti m'kalasi la ana 30 oyamba sukulu, awiri amakhala otere. Ngati ndi awiri mwa 30 kumeneko, werengani nokha m'kalasi la ana 100.

Nanga khomo la boma lili kuti? Lili pomwe paja pa sikelo, kapena pa chipatala chaching'ono cha kwanu, ndipo m'zipatala za boma simulipira. Koma muyenera kuyamba ndinu kulankhula. Musakangoti "mwanayu sali bwino", adzakupatsani panado. Kanene zenizeni: "Adokotala, mwanayu ali ndi zaka ziwiri ndi miyezi 4, satchula liwu lililonse, ndikamuitana kumbuyo sacheuka, ndipo anadwalapo malungo okomoka." Pemphani kuti zimenezi zilembedwe m'buku, ndi kuti akulembereni kalata yopita nayo ku chipatala cha boma cha pa boma lanu. Kumeneko funsani zinthu ziwiri: amene amaona za makutu, ndi chipinda cha mafizo. Anthu ambiri amaganiza kuti ku mafizo n'kwa othyoka miyendo ndi ofa ziwalo okha, koma kumapitanso ana ochedwa kukula, ndipo ogwira ntchito kumeneko ndi amene amadziwa komwe kuli wothandiza kulankhula. Pamwamba pake pali zipatala zazikulu zinayi: Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Ku Queen Elizabeth kuli malo oyezera makutu amene anatsegulidwa mu 2016, ndipo n'komwe kwakhala kukugwira ntchito Dr Wakisa Mulwafu, amene kwa zaka zingapo anali dokotala yekhayo wa opaleshoni ya makutu, mphuno ndi mmero m'dziko lonse lino. Ku Lilongwe kulinso malo oyezera makutu a African Bible College, ngakhale amenewo si a boma. Katswiri wothandiza kulankhula amene mukumusaka, pa Chingerezi amamutcha speech therapist. Dzinali lisungeni, chifukwa mukafika pazenera mudzafunika kulitchula.

Pawailesi njirayi ikumveka yowongoka. Pansi ndi ina. Ofufuza a ku London School of Hygiene and Tropical Medicine pamodzi ndi madokotala a kuno anatsatira ana 150 a m'boma la Thyolo amene anapimidwa makutu n'kuuzidwa kuti apite ku Queen Elizabeth. Zimene analengeza mu 2017 n'zakuti anafikako ndi 5 okha. Asanu, mwa 150. Ndipotu Thyolo ndi Blantyre ndi oyandikana. Sitikunena za Chitipa kapena Nsanje. Makolowo atafunsidwa anatchula mtunda, ndalama ya galimoto, kusowa chakudya ndi pogona m'tauni, mantha ndi chipatala chachikulu chimene sanachipondepo, ndi kusamvetsa bwino zimene anauzidwa. Wina angafulumire kunena kuti makolowo ndi osasamala. Ine sindingatero. Ife tinafika chifukwa malume ake a mwana ali pantchito ndipo ali ndi chipinda m'tauni. Mayi amene ayenera kugulitsa nkhuku ziwiri kuti akwere basi, n'kusiya ana ena atatu opanda wowaphikira, chifukwa cha mwana amene sakutentha thupi, sakutsegula m'mimba, akungosewera pabwalo, adzasankha kudikira. Chithandizo chaulere chimene chili pa mtunda wa maola atatu, kwa iyeyo si chaulere.

Ndipo mukafikako, akatswiri othandiza kulankhula m'dziko muno ndi owerengeka ndi zala, ambiri ali m'mizinda. Ife tinachita mwayi kuonana ndi mmodzi, mwana atalandira timakina ta m'makutu. Ndikuuzeni zimene ndinaona, chifukwa ndinkayembekezera jakisoni kapena makina ena. M'chipindamo munali mphasa, kadengu ka zidole, ndi botolo la thovu la sopo. Mayiyo anavula nsapato n'kukhala pansi. Kwa mphindi zingapo sananene kanthu, ankangoyang'ana chimene mwana watola. Mwana anatola kagalimoto. Iye anati, "Galimoto." Mwana anakakankha. Iye anati, "Galimoto yapita!" Kenaka anauzira thovu kamodzi, n'kutseka botolo, n'kumuyang'ana mwana kumaso, phee. Mlongo wanga anafuna kuthandiza. "Nena thovu! Nena!" Mayiyo anamugwira dzanja. "Dikirani, mayi. Werengani mpaka 10 mumtima." Mwana anayang'ana botolo, anayang'ana mayiyo, anakoka dzanja lake, ndipo potsiriza anati, "Vu." Thovu linauluka chipinda chonse.

Potuluka anatiuza mawu amene sindinawaiwale: "Ine ndidzamuona ola limodzi pa mwezi. Inu muli naye tsiku lonse. Amene ndikumuphunzitsa pano ndi inuyo, mayi, osati mwanayu." Ndiye kuti ntchito yaikulu ili pakhomo, ndipo siyembekezera kalata ya kuchipatala. Mutsitseni mwana kumsana nthawi zina, mukhale naye maso ndi maso, aone mmene milomo yanu ikuyendera. Muzimuuza zimene mukuchita: "Ndikupeta ufa. Ndikuthira madzi. Madzi otentha!" Akaloza ndowa musathamangire kumutungira, gwirani kapu, nenani "madzi", mumupatse mpata. Mufunseni, "Nthochi kapena mbatata?" zonse zili m'manja mwanu. Akati "mbuzi", inu onjezanipo limodzi: "Eee, mbuzi ikudya." Akalakwitsa musamuseke ndipo musamukakamize kubwereza, ingotchulani molondola, iye amve.

Ndinaseka ndekha pobwerera, chifukwa zambiri mwa izi agogo athu ankazichita osadziwa kuti ndi mankhwala. Wokamba nthano akati "Padangotero", amaima, kudikira kuti ana ayankhe "Tili tonse". Kupatsana mpata kumeneko n'kumene katswiri uja ankaphunzitsa ndi botolo lake la sopo. Lero m'nyumba zambiri mpata umenewo watengedwa ndi foni. Mwana akalira, timamupatsira makatuni kuti atileke. WHO inalangiza mu 2019 kuti mwana wosafika zaka ziwiri asamaikidwe pa foni kapena TV, ndipo wa zaka ziwiri mpaka zinayi asapitirire ola limodzi pa tsiku. Foni imalankhula, koma siyembekezera yankho.

Pali bodza lina limene lafala makamaka m'tauni, loti mwana amachedwa chifukwa tikumusokoneza ndi zilankhulo ziwiri. Ku Machinga ana amakula ndi Chiyao ndi Chichewa, ku Mzuzu ndi Chitumbuka ndi Chichewa, ndipo amalankhula zonse mpaka kutukwanira momwemo. Zilankhulo ziwiri sizichedwetsa mwana. Chimene chimamumana mawu ndi pamene mayi wodziwa Chichewa chokoma, cha miyambi ndi nthabwala, achisiya n'kumamulankhula mwana Chingerezi cha mawu 20 okha: "come", "sit", "no". Izi ndikuuzanso abale athu amene mumatimvera pa intaneti muli ku Leeds, ku Dublin kapena ku Johannesburg. Ku England mwana amaunikidwa kakulidwe kake akafika zaka ziwiri mpaka ziwiri ndi theka, ndipo m'madera ambiri kholo likhoza kudzilembetsa lokha ku zipatala za boma za NHS kuti mwana aonedwe ndi katswiri. Kumenekonso mzere ndi wautali, anthu amadikira miyezi, ndiye lembetsani msanga. Koma Chichewa pakhomo musachitaye.

Za chibwibwi ndinenepo pang'ono. Chimayamba kawirikawiri pakati pa zaka ziwiri ndi zisanu, chimagwira ana ngati 5 mwa 100, ndipo ambiri chimawathera okha. Amene amakula nacho ndi munthu ngati mmodzi mwa 100. Sichibwera chifukwa cha mantha kapena bodza, ndipo nthawi zambiri chimayenda m'magazi. Musamumalizire mawu mwana wachibwibwi, musamukalipire kuti afulumire, ndipo ana anzake akamamuyeseza aletseni. Chikapitirira miyezi 6, kapena mwana akayamba kuopa kulankhula, mutengereni kuchipatala. Poti tili pawailesi, ndikumbutse kuti Mfumu George VI ya ku Britain inali yachibwibwi, ndipo pamene inkalengeza kwa anthu ake pawailesi za nkhondo pa 3 September 1939, pambali pake panali Lionel Logue, munthu amene ankaiphunzitsa kulankhula. Ngati mfumu inafuna wothandiza, mwana wanu sanachimwe kanthu.

Tsopano zija timanong'onezana. Mwana akakhala wosalankhula pakhomo pamene pali chigayo kapena golosale yoyenda bwino, mudzi umagamula msanga: bambo ake anakhwimira mwana. Pakakhala posauka, mlandu umagwera mayi, kuti anachita zosayenera ali ndi pakati, kapena kuti kwawo n'kwa mtundu wotero. Maukwati atha chifukwa cha zimenezi. Mwana amatsekeredwa m'nyumba alendo akabwera. Ena amapita naye kokamudula kamnofu ka pansi pa lilime ndi lezala, poganiza kuti lilime lamangika. Kamnofu kameneko kangavutitse khanda poyamwa, ndipo achipatala amadziwa kukakonza, koma sikachititsa mwana kukhala wopanda mawu. Mawu amapangidwa mu ubongo, lilime limangowatulutsa. Lezala limangosiya bala, ndipo ndalama imene yapita kwa sing'anga ndi yomwe ija ikanalipira basi. Kupemphera sindikuletsa, ifenso tinapemphera. Koma pempherani muli panjira yopita kuchipatala.

Ndipo tivomereze kuti si mwana aliyense amene adzalankhule ndi pakamwa. Kwa mwana wosamva kwambiri, chilankhulo chamanja ndi chilankhulo chathunthu, si chongogwirizira. Makolo ena amamumenya mwana m'manja akamaloza ndi kuchita zizindikiro, poopa kuti azolowera ulesi. Kumeneko n'kumutsekera khomo lokhalo limene linali lotseguka. Zizindikiro ndi zithunzi siziletsa mwana kulankhula. Kwa ambiri ndizo zimatsegula njira. Bungwe la anthu osamva la MANAD linatulutsa dikishonale ya chilankhulo chamanja cha ku Malawi. Kuli sukulu za ana osamva monga Maryview ku Chiradzulu, Mua ku Dedza, Mountain View ku Thyolo ndi Embangweni ku Mzimba, ndipo koleji ya Montfort ku Chiradzulu imaphunzitsa aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera. Makolo ali ndi bungwe lawo, PODCAM. Mayi amene wasowa mtengo wogwira akakumana ndi mayi mnzake amene anadutsa njira yomweyo, amapeza zimene dokotala sangamupatse.

Kwa inu alezi a ku sukulu za mkombaphala: mwana wosalankhula musamubweze pakhomo. Anzake ndiwo aphunzitsi ake abwino. Inu mumaona ana makumi angapo a msinkhu umodzi tsiku ndi tsiku, ndiye maso anu amazindikira msanga kuposa a kholo limene likuona wake yekha. Mukaona, muitaneni mayi pambali, mumuuze mwaulemu, osati pagulu.

Kwa a boma, pempho langa si la nyumba zosanjikizana. Mu 2024 dziko lino linakhala ndi lamulo latsopano la anthu aulumali, ndipo bungwe la MACOHA linalowedwa m'malo ndi MACODA. Lamulo ndi labwino, koma mwana wa zaka ziwiri sapindula nalo ngati palibe womupeza. Tili kale ndi gulu la alangizi a zaumoyo lofika m'midzi imene galimoto sifika. Tili kale ndi tsiku la sikelo, limene amayi amalisunga kuposa tsiku la msika. Dziko lino linali loyamba padziko lonse kupereka katemera wa malungo kwa ana kudzera m'zipatala zake, mu April 2019, ndiye sitinganene kuti zatsopano zimatikanika. Mlangizi aliyense aphunzitsidwe mafunso atatu kapena anayi a makutu ndi pakamwa, ndipo mayankho ake azilembedwa m'buku pafupi ndi makilogalamu. Mwana aliyense wotuluka m'chipatala atachira matenda oumitsa khosi kapena malungo okomoka azituluka ndi tsiku lokayezetsa makutu. Oyeza makutu azipita kumaboma pa masiku odziwika, m'malo moyembekezera kuti mayi wa ku Thekerani apeze yekha njira ya ku Blantyre. Ndipo akatswiri achuluke. Uganda inayamba kuphunzitsa ake pa yunivesite ya Makerere mu 2008, chifukwa inaona kuti mlendo wodzathandiza miyezi 6 n'kubwerera kwawo sangamuphunzitse mwana kutchula mawu a chilankhulo chimene iye mwini sachidziwa. Wophunzitsa mwana wathu kusiyanitsa "phala" ndi "pala" ayenera kukhala munthu amene makutu ake anakulira momwemo, ndipo akamaliza maphunziro apeze malo a ntchito m'chipatala cha boma akumudikira.

Mnyamata uja tsopano ali ndi zaka 6, wayamba Sitandade 1. Amalankhula, ngakhale anzake anamusiya patali. Sopo amati "opo", nsima amati "ima", ndipo mabatire a timakina take akatha amakhala masiku ali chete mpaka ine nditatumiza ena. Agogo ake ndiwo amamukambira nthano madzulo, atamukhazika patsogolo pawo kuti aziwaona pakamwa, ndipo ndi iwo amene tsopano amayendera nyumba za anzawo kuwauza kuti adzukulu akayezedwe makutu.

Inu mayi, inu bambo, inu malume amene pamene ndimalankhula mumaganizira mwana wina wake pakhomo panu: tsiku la sikelo likakwana, mwana akatsika pa sikelo paja, musalandire buku n'kunyamuka. Imani pomwepo, munene zimene mwaona, ndipo musachoke asanazilembe.